Chikwama cha Ukwati wa Tadala

Anthu akamva kuti ndinakhala ku Australia amayamba ayang'ana nsapato zanga, kenako wotchi, ndipo akaona kuti palibe chodabwitsa amafunsa kuti, "Nanga munkagwira ntchito yanji kumeneko?" Kale ndinkayankha kuti ya kumgodi, poti ndi imene ndinapitira. Masiku ano ndimanena zonse: ndinayamba ndi mgodi, ndinamaliza ndi kutsuka zikwama za azimayi. Ena amaseka. Asiyeni aseke, pakamwa ndi pawo.

Koma chimene chimandidya mumtima si mgodi ayi. Ndi mwana wanga Tadala, mmodzi yekhayo amene Mulungu anatipatsa ine ndi amake. Ndinamusiya akunditchula kuti adadi, ndinadzamupeza akundigwadira ngati mlendo, ndipo m'zaka zanga zomaliza ku Perth ndinkangofuna chinthu chimodzi, kuti dzina lija libwerere pakamwa pake.

Pamene ndinkachoka anali atangoyamba sukulu, mano akutsogolo ataguluka. Tinkakhala ku Kawale, ine ndikugwira ntchito yokonza makina ku Kanengo. Lamlungu lililonse m'mawa, tisanapite ku tchalitchi, ndinkakhala pakhonde n'kumapolisha nsapato zanga, iye atanyonyomala pambali, kachitini ka polishi atakagwira ndi manja awiri. Nsapatozo zinali zotheratu, zong'aluka m'mbali monse. Ndinkamuuza kuti, "Ukaona chakalamba, paka wambiri, mwanawe. Polishi amabisa umphawi." Iye ankaseka n'kumati, "Onjezerani, adadi, onjezerani!" Tsiku lonyamuka sanalire n'komwe. Ndinali nditamulonjeza kuti ndikangokhazikika ndidzawatenga iye ndi amake, ndiye ankaona ngati ndikupita pa Dedza pompa.

Nthawi imeneyo migodi ya chitsulo inkameza aliyense wodziwa kugwira sipanala. Ndege inkatinyamula ku Perth kupita kumpoto, kuchipululu chofiira, kumene tinkakhala masabata angapo tisanabwerere kudzapuma. Tinkagona m'tizipinda tamalata tondandalikana ngati makola a nkhuku za mazira. Fumbi lake linkalowa paliponse, m'makutu, m'mano, m'Baibulo momwe. Ntchentche za kumeneko sizidziwa manyazi, zimafuna kumwa m'diso mwako iwe ukupenya. Koma ndalama inalipo, sindinganame. Kunyumba tinagula malo, khoma linayamba kukwera, Tadala analowa sukulu yabwino, ndipo achibale amene sankadziwa kuti ndili ndi dzina anayamba kunditumizira moni. M'zaka zonse za mgodizo kumudzi ndinapitako kamodzi kokha, chifukwa tsiku lililonse lopuma linkaoneka ngati kutaya mwayi. Tadala anali kusukulu yogonera komweko, ndipo ndinangomuona masana amodzi, atavala yunifolomu, akuyang'ana pansi.

Masiku opuma ndinkakhala ku Balga, dera lina la mzinda wa Perth, m'nyumba imene tinkachita lendi ndi mnzanga Tembo, wa ku Zambia, wowotcherera zitsulo. Tembo anali munthu waphokoso, woseka ndi thupi lonse, ndipo ankanditchula kuti mudala ngakhale tinali amsinkhu umodzi. Ndikadwala ankandiphikira, akaledzera ndinkamuvula jombo. Anzathu ena anagula nyumba zatsopano ku Ellenbrook, galimoto ziwiriziwiri, ena mpaka mabwato, anthu oti kwawo sanawolokepo ngakhale Lingadzi. Ife tinkati tidikire kaye mapepala otilola kukhazikika m'dzikomo atuluke, mabanja abwere, zinazo pambuyo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tinangomva kuti mtengo wa chitsulo wagwa kunja uko, kenako mayina anayamba kuitanidwa ku ofesi, lero awa, mawa awo. Mzungu amene anandiitana anali waulemu kwambiri. Anandipatsa madzi ozizira, n'kundiuza kuti si vuto langa, ndine wantchito wabwino. Ulemu wa anthu amenewa umapweteka kuposa chipongwe, chifukwa sukupatsa poyambira kukwiya. Ndinatsika ndege ku Perth jombo zili m'manja, malaya a olenji a kumgodi ali m'jumbo. Sabata yotsatira Tembo naye anatsika chimodzimodzi. Ku Ellenbrook zikwangwani zogulitsa nyumba zinamera ngati bowa, mabwato aja ataimikidwa m'mbali mwa msewu kudikira wogula amene sankabwera.

Mapepala anga anali asanatuluke. Amene ankandiyendetsera anandichenjeza kuti ndikangotuluka m'dzikomo zonse zikhoza kuyambiranso pachiyambi, mwinanso osandilola kulowanso. Ndiye ndinakhala. Chaka chinatha, china chinabwera. Pamene mapepalawo ankatuluka, Tadala anali atapyola msinkhu woti n'kulembedwa ngati mwana wodalira bambo ake, ndipo amake anati sangasiye mtsikana yekha. Ndikuti ndikonzeke zokawaona, kunabwera matenda aja amene anatseketsa malire. Lamulo silinalakwe, amake sanalakwe, matenda sungawazenge mlandu. Aliyense anali ndi chifukwa chomveka, koma mwana anakula wopanda bambo.

M'zaka zimenezo ndinagwira maganyu a mtundu uliwonse, mpaka ndinapezeka m'gulu lotulutsa katundu m'nyumba za okalamba amene amwalira. Kumeneko ndinaona zimene sindinazizolowere mpaka lero. Mayi wamwalira sabata yatha, ana ake abwera atavala magalasi akuda, akungoloza ndi chala: ichi tayani, ichi gulitsani, ichi ikani panja pamsewu atole wofuna. Popanda wolira, popanda wamkulu wogawa, popanda ngakhale kukhala pansi. Mipando imene munthu anakhalira moyo wake wonse inkagona pa kapinga n'kumanyowa ndi mvula.

M'nyumba ina yotero ndi mmene ndinakumana ndi mayi Noreen, mzungu wachikulire wowonda, wosuta fodya ngati uvuni wa njerwa. Ankagula zikwama zakale zachikopa n'kumazikonza m'garaja mwawo ku Armadale. Tsikulo ankalimbana ndi kachitsulo kotsekera chikwama china, kamene kanakana kutseguka. Ndinawapempha, ndinakawongola ndi pulayala yanga, kanatseguka. Anandiyang'ana manja, osati nkhope, n'kundifunsa ngati ndingathe kudzuka m'mawa kukwera sitima. Kuchokera ku Balga kukafika ku Armadale ndi ulendo, basi kaye mpaka m'tauni, kenako sitima mpaka kumathero kwake, koma wosowa sasankha.

Tsiku loyamba ndinapita ndi kachitini kanga ka polishi ndi burashi, poti kwathu chikopa ndi polishi sizisiyana. Mayi Noreen anakanyamula ndi zala ziwiri ngati atola khoswe wakufa, n'kukaponya m'bini.

"Muno ayi," anatero m'Chingerezi chawo chotafuna mawu. "Nsapato imayenda pansi, koma chikwama chimagona pa chovala cha munthu. Ukachipaka zimenezi chikopa chimalephera kupuma, ndipo kukangotentha zonse zimasamukira pa diresi la mwini wake."

Ntchito yake ndi ya munthu wodekha, ndipo ine wa nyundo ndi sipanala inandivuta poyamba. Umayamba wakhuthula zonse za m'kati n'kusasa fumbi ndi kaburashi kofewa. M'matumba ang'onoang'ono ndinkapezamo zinthu zomvetsa chisoni, tikiti ya basi yofufutika, switi yosungunuka, kampango kopindidwa bwinobwino kudikira mphuno imene inaikidwa kale m'manda. Sopo wa zikopa umayamba wamuyesa pobisika, pansi pa chikwama kapena kuseri kwa lamba, n'kudikira uone ngati mtundu usinthe. Ukatero umatsuka ndi thovu lokha, madzi pang'ono kwambiri, kachigawo kamodzi, kupukuta, kenako kena. Kuyanika ndi pamthunzi, utaikamo mapepala kuti chisapindike, chifukwa dzuwa la ku Perth likhoza kuchiumitsa gwa masana amodzi. Chikauma ndiye umachidyetsa mafuta ake, ndi chala, pang'onopang'ono, n'kuchisiya chimwe, mawa n'kubwerezanso. Mayi Noreen ankati chikopa chimene chakhala ndi ludzu zaka zambiri sungachimwetse tsiku limodzi. Ukathira ambiri nthawi imodzi chimangochita mawanga n'kuwonongekeratu. Ine ndinkavomera ndi mutu, maganizo ali pa sitima yobwerera.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti ukalamba wa chikwama sufufutidwa. Pamene padetsedwa ndi dzanja la mwini wake umangochotsapo litsiro, kuda kwakeko umakusiya, ndipo azimayi a ku Perth amalipira kuda komweko. Komanso mayi Noreen sankagulitsa chikwama popanda nkhani yake. Ankawauza ogula kuti ichi chinali cha namwino amene anabwera pa sitima ya pamadzi ali mtsikana, icho cha mayi woimba limba ku tchalitchi, ndipo ogulawo maso ankawala, ena mpaka misozi. Anthu omwe aja otaya katundu wa amayi awo pamsewu ankalirira katundu wa amayi a eni. Ndinkawaseka chamumtima, osadziwa kuti matendawo akundilowa nanenso. Patapita zaka zingapo nkhanizo ndinkazinena ndekha, mokoma kuposa eni garaja.

Lamlungu ndikachoka ku tchalitchi, kumene ana a anzathu ankayankha moni wanga m'Chingerezi cha m'mphuno, ndinkaimba foni kunyumba. Sindikudziwa chaka chimene "adadi" anathera. Ndinangozindikira tsiku lina kuti mwana akuti, "Muli bwanji, abambo? Ife tili bwino. Dikirani ndiwapatse amayi." Mawu aulemu, osalakwika paliponse, ngati a mzungu wa ku ofesi uja. Nkhani za sukulu, za matenda, za mnyamata amene anayamba kuonekera pakhomo, zonse zinkapita kwa amalume ake, mlongo wa mkazi wanga. Ine ndinkazimva zitakambidwa kale, ndipo ntchito yanga inali kunena kuti zili bwino.

Chikwama cha nkhani ino chinabwera m'katoni ya zinthu zoti zitayidwe. Chinali chaching'ono, chopanira kukhwapa, cha mtundu wa uchi, chouma ngati chikopa cha mbuzi choiwalika padenga. Mwana wa mwini wake, bambo wa imvi, anatiuza kuti amayi ake anachinyamula tsiku la ukwati wawo, ndipo anakhala ndi amuna awo mpaka onse awiri kuyendera ndodo. Mayi Noreen anachitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti chinapita kale, ndichitenge ngati ndikuchifuna. Mwezi womwewo ndi umene amake Tadala anandiuza kuti mwana wapeza banja, ukwati uchitika chaka chamawa.

Ndinachitenga. Miyezi yonseyo ndinkachidyetsa kadontho kamodzi ndikaweruka, n'kuchisiya chipume. Pamene ulusi unaduka ndinasoka m'mabowo akale omwewo. Kachitsulo kotsekera kanali kothyoka, ndiye ndinasula kena ndi manja anga kuchokera ku kachidutswa ka mkuwa, n'kukapala mpaka kanawala. Pang'ono ndi pang'ono chikopa chinadzuka, chinafewa ngati tsaya la khanda, mtundu wa uchi uja unabwerera. Mayi Noreen atachiona anazimitsa fodya wawo kuti achigwire, chinthu chimene sankachitira munthu aliyense. Ndinkati mumtima, nyumba anamanga ndi amisiri, sukulu anaphunzitsa ndi aphunzitsi, koma ichi chokha chadutsa m'manja mwanga. Akadzachinyamula tsiku la ukwati wake, ndidzakhala nditamugwira dzanja.

Tembo yekha ndiye sanasangalale nazo.

"Mudala, nikuuze zoona?" anatero tsiku lina atandipeza ndikuchikulunga m'nsalu. "Yenda ku shopu ugule chanyowani, chonyezimira, cha golide golide, na pepala ya mutengo ikaliko. Kunyumba sibaziba ivi vintu vakudala. Bazakamba ati wabwela na salaula."

Salaula ndiye kaunjika kwawoko.

"Ichi si kaunjika, Tembo. Chili ndi mbiri yake."

"Iyo mbiri yamene ndiye izakupaya," anatero, n'kubwerera ku mpira wake pa kanema.

Ndinangoti wowotcherera zitsulo angadziwe chiyani za zikopa.

Ndinafika ku Lilongwe kutatsala masiku ochepa, m'nyengo yotentha ija mvula isanagwe. Nyumba imene ndinaimezera fumbi zaka zonse zija sindinaizindikire, anachita kundilozera. Mkazi wanga anali ndi imvi zimene pa foni sizinkaoneka. Tadala anatuluka, wamtali, nkhope ya malemu amayi anga yeniyeni, anagwada chapatali n'kundipatsa moni. Ndinatambasula manja kuti ndimukumbatire, iye anandipatsa dzanja limodzi, linalo atagwira pachigongono. Mpando waukulu wa pabalaza unali wa amalume ake, ndipo zonse zinali zitakonzedwa kale, ngakhale woti adzamulowetse m'tchalitchi. Sindinatsutse. Iwo ndi amene anathamanga naye kuchipatala, iwo ndi amene analandira akuchimuna. Ine ndinali ndi chikwama changa.

Ndinachipereka masana ena azimayi atadzaza pabalaza, akuyesa zovala za operekeza mkwatibwi. Panali amake, anzake a Tadala, ndi akulu ake a mkazi wanga, amene tonse timawatchula kuti mayi aakulu, munthu woti mawu ake sabwezedwa m'banja limenelo. Ndinamasula nsalu ija. Tadala anachilandira ndi manja awiri, ndipo ndinaona chala chake chikusisita chikopacho mobwerezabwereza. Ndikanangotseka pakamwa pomwepo! Koma ndinaimirira ngati ndili m'garaja ku Armadale n'kuyamba nkhani: kuti chikwamachi n'chakale kuposa ine, kuti mwini wake anachinyamula pa ukwati wake, kuti kuda kwa m'mphepeteku ndi pamene zala zake zinkagwira zaka ndi zaka.



"Alamu," anatero mayi aakulu, "mwati mwini wakeyo ali kuti?"

"Anamwalira, koma atakalamba bwino, ndipo banja lake linali..."

"Anamwalira." Anayang'ana azimayi anzawo mmodzimmodzi. "Ndiye katundu wa pamaliro a eni, wosadziwika kuti anagawa ndani, mwana alowe naye m'banja? Zaka zonsezi kunja, chimene mwaona choyenera mwana wanu ndi chikwama cha mzukwa?"

"Alamu, kumeneko zinthu zoterezi ndi zamtengo wapatali."

"Kumeneko. Kuno ndi kuno. Tadala, kachiike panja icho, chisagone m'nyumba muno."

Ndinayang'ana zovala za anthu amene anali pabalazapo. Zambiri zinali za pa kaunjika, ndipo ndani akudziwa ngati eni ake ali moyo? Koma belo la kaunjika silibwera ndi dzina. Ine chikwamacho ndinachipatsa mwini, ndinachipatsa zala, ndinachipatsa maliro, ndi pakamwa panga pomwe. Tadala anadzuka osandiyang'ana n'kutuluka nacho. Pambuyo pake mkazi wanga anandiuza motsitsa mawu kuti, "Mukanandifunsa kaye, bambo a Tadala. Mwakhalitsa kwa eni." Mawu amenewo anandipweteka kuposa a mayi aakulu. Masiku otsalawo chikwama sindinachionenso, ndipo ndinangoti achitaya kudzala.

Tsiku la ukwati kunatentha kuyambira m'mamawa. M'tchalitchi ndinakhala kutsogolo, m'suti yanga ya ku Perth, n'kumaonerera amalume ake akulowetsa mwana wanga. Kumbuyo ndinkamva anthu akunong'onezana kuti abambo ake ndi awo, a ku Australia aja. Titatuluka, akwati anakwera galimoto kupita kukajambulitsa, ife tinatsogola ku holo kukadikira.

Akwati anafika dzuwa lili paliwombo, pakati pa nthungululu ndi malipenga a galimoto. Tadala atatsika ndinaona kuti kukhwapa wapanira kachikwama kakuda bii, konyezimira ngati jombo ya msilikali. Sindinakazindikire. Ndinaganiza kuti wina wamugulira chatsopano, chonga chimene Tembo ankanena, ndipo mtima unandiwawa. Kenako dzuwa linagunda kachitsulo kotsekera. Unali mkuwa uja ndinasula ndekha.

Chimwemwe chinandidzaza mumtima. Mwana wanga wanyamula chikwama changa, pamaso pa mayi aakulu, pamaso pa onse! Koma sichinakhalitse chimwemwecho, chifukwa kunyezimira koteroko ndimakudziwa. Anali polishi wa nsapato, wopakidwa mochindikala, ndipo anali atakhala m'galimoto yotentha, kukhwapa kwa munthu wa thukuta, pa diresi loyera.

Ndinayamba kudzipanikiza pakati pa anthu, koma ndani angakupatse njira akwati akulowa movina? Mayi wina wa komiti, amene sankandidziwa, anandibweza ndi dzanja pachifuwa. "Madala, khalani pansi, muwaona bwinobwino akafika kutsogolo." Ndinaitana dzina la mwana wanga, nyimbo inameza mawu anga. Woyendetsa mwambo anafuula kuti mkwatibwi akweze manja anthu amuone. Tadala anakweza manja onse, chikwama chili m'mwamba, akumwetulira.

Kuchokera kukhwapa mpaka m'chiuno diresi linali lakuda, chimzere chachikulu ngati lapondedwa ndi tayala. Nthungululu zinaduka. Mayi aakulu anasendera pafupi, anayang'ana chikwama, anayang'ana kachitsulo kaja, n'kugwira manja kumutu.

"Mayo ine! Ndi chija! Ndinanena ine, ndinanena!"

Mawu anayenda m'holo monse ngati moto wa lupsa, akuti chikwama cha wakufa chadetsa mkwatibwi. Akuchimuna anayamba kunong'onezana, apongozi ake aakazi atagwira pakamwa. Maso onse anandipeza pamene ndinaima, ndipo nthawi imeneyo panalibenso wofunsa kuti abambo ake ndi ati.

Anathamanga naye Tadala ku kachipinda ka kuseri kwa holo, ine ndinatsatira. Azimayi anali atayamba kale kukhecha ndi madzi ndi sopo, banga likungofalikira. Ndinawauza kuti asakheche, akulilowetsa m'kati mwa nsalu. Chinali chinthu chimodzi chimene ndinkachidziwa kuposa onse m'chipindamo, koma palibe anandimva. Atalephera anatuluka kukafuna nsalu yoti amumange m'chiuno mpaka paphewa, ndipo kwa kanthawi tinatsala awiri.

Anali atakhala pa mpando wapulasitiki, chikwama chili pamiyendo, zala zake zitada.

"Wakupakira ndani?" ndinafunsa.

"Ndapaka ndekha." Sanandiyang'ane. "Ndinakachibisa kwa mnzanga. Ndimafuna asachizindikire, aziona ngati n'chatsopano."

"Mwanawe, chikwama sapaka polishi."

Ndi zimene ndinanena. Pa mawu onse amene bambo angauze mwana wake amene wadzichititsa manyazi pa ukwati wake chifukwa cha iye, ine ndinasankha a mayi Noreen.

Anadzutsa mutu, misozi itasakanikirana ndi zodzola za kumaso.

"Ine ndikanadziwa bwanji? Munandiphunzitsa chimodzi chokha, adadi. Munati ukaona chakalamba, paka wambiri."

Adadi. Dzina limene ndinalidikira m'garaja muja, m'sitima ya ku Armadale, pa foni ya Lamlungu lililonse, linabwera ndithu, koma linabwera ndi misozi, m'kachipinda konunkha polishi. Ndinasowa pogwira, ndiye ndinagwira pa ntchito, poti ndi zokhazo zimene ndinatsala nazo.

"Bweretsa," ndinatero. "Ndipita nacho. Kuli mankhwala ake kumeneko, ndikhoza kuchotsa polishi yenseyu, chibwerere mmene chinalili."

Anachikumbatira pamimba, pa diresi lowonongeka kalelo.

"Ayi. Mukapita nacho, chibwera liti?"

Nthawi yomweyo azimayi analowa ndi nsalu, ndipo mayi aakulu anati abambo atipatse malo.

Ukwati unapitirira, anthu anavina, mkwatibwi atamangidwa chitenje ngati wadwala. Tikiti yanga inali yobwerera, ndiye ndinabwerera. Tembo atamva nkhaniyi sananene kuti ndinakuuza, anangondiphikira tiyi. Ndinagwirabe kwa mayi Noreen mpaka manja awo anayamba kunjenjemera n'kutseka garaja, ndipo pamenepo ndi pamene ndinabwera kwathu kuno kudzakhaliratu, wopanda bwato, wopanda wotchi yodabwitsa.

Kwa apongozi ake a Tadala nkhani ija sinafe. Mdzukulu wanga akangotentha thupi, pamapezeka wina wokumbutsa za chikwama cha wakufa, ndipo amene amamva mawu amenewo ndi mwana wanga, osati ine. Pa foni anabwerera ku "abambo" wake uja. Ndikapita kwawoko amandilandira bwino, amagwada, amandipatsa madzi ozizira. Chikwama chili pamwamba pa kabati m'chipinda cha alendo, chakuda bii, polishi atauma n'kuyamba kung'aluka. Pansi pakepo chikopa chikufa ndi ludzu, ndikudziwa. Mankhwala ake ndinabwera nawo, ali m'sutikesi pansi pa bedi langa, botolo losatsegula. Sindinayerekezenso kumupempha.